Dengu Lovundikira la Seluka

Talesia anamuona koyamba Seluka ali m'matope olekeza m'mawondo, atafulatira. Linali sabata loyamba la Talesia pa chilumba chathu. Mtsikanayu anabadwira pa chilumba china, ku Nauru, kumene bambo ake ankakumba miyala ya fetereza, ndipo anakula akudya mpunga ndi nyama ya m'chitini. Pulaka, mbewu ya m'matope yonga koko, ankangomudziwa ali m'mbale, wophikaphika, abale akatumiza pa sitima ya pamadzi. Tsiku limenelo anamutuma kukaitana azakhali ake ku madimba, pakati pa chilumba, ndipo anasochera m'tinjira ta pansi pa mitengo ya kokonati mpaka anatulukira pa mtumbira wa dimba la eni.

Pansi pake, m'dzenje lalikulu lokumba makolo, munali nkhalango ya masamba otambalala kuposa ambulera. Pakati pawo panali mnyamata atawerama, ndipo pambali pake panali dengu lovundikira ndi chiguduli. Ankapisa dzanja pansi pa chigudulicho, kutapa zinthu zakudakuda, n'kuzikanikiza mozungulira tsinde la pulaka, mkati mwa nkhata yoluka ndi masamba a kokonati. Talesia anaima n'kumaonerera. Anafika mpaka pokhala pansi.

"Zimenezo n'chiyani mukuthirazo?" anafunsa.

Mnyamatayo anadzidzimuka ngati wapanidwa ndi nkhanu. Anagwera pa dengu lija n'kulifungatira.

"Iwe ndiwe mwana wa yani? Unaleredwa ndi nkhumba?"

"Ndinaleredwa ndi anthu. Ndangofunsa."

"Tembenuka!"

"Nditembenukirenji?"

"Tembenuka, penya uko! Munthu akamadyetsa pulaka wake sapenyedwa. Kwanuko sanakuuze?"

Talesia anatembenuka. Kumene anapenyako kunali makola a nkhumba, ndipo anawayang'ana makolawo, nkhope ikutentha, mpaka mnyamatayo anamaliza ntchito yake, n'kukwera pa mtumbira, n'kumutsogolera kwa azakhali ake akung'ung'udza njira yonse.

Azakhaliwo sanaseke. Anamukhazika pansi n'kumuuza kuti banja lililonse lili ndi kadyetsedwe kake ka pulaka, kuti bambo amauza mwana wa magazi ake yekha, ndipo ngakhale mkazi wa m'nyumba sauzidwa chifukwa mawa angakauze alongo ake. "Kupenya m'dengu la munthu n'chimodzimodzi kupisa dzanja m'thumba mwake," anatero. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali utamva, ndipo atsikana anzake ankamutcha Maso a ku Nauru. Manyazi a tsiku limenelo anamulowa m'mafupa. Analumbira mumtima kuti maso ake sadzamuchititsanso manyazi otero.

Patapita zaka ziwiri anakwatiwa ndi mnyamata yemweyo, Seluka.

Seluka sanali munthu wa nkhani zambiri. Kuvina sankatha, nsomba ankapha zongokwana ndiwo, ndipo m'nyumba ya misonkhano ankakhala kumbuyo, pafupi ndi mzati, tulo tikamugwira n'kugona. Koma pa pulaka mudzi unkamuvulira chipewa. Anali ndi mbewu imene agogo ake anasiya, yofiira m'khosi, pamene phesi limakumana ndi tsinde, ndipo banja lawo linkangoitcha Khosi Lofiira. Pulaka ameneyu ankachedwa kukhwima, koma akamusiya zaka zingapo m'matope akumudyetsa, ankatuluka wamkulu moti amuna awiri ankamunyamula pa mtengo ngati nkhumba. Ukwati wopanda pulaka wa Seluka anthu ankauyesa ukwati wothamangira.

Ntchito yake inali ya phee. Ankalowa yekha m'thengo ndi dengu, n'kutuluka nalo litavundikiridwa. Talesia ankamunyamulira dengulo kuchokera pa mphambano kukafika pa mtumbira, chiguduli chili chimangire, n'kumutsitsira m'dimba. Kenako Seluka ankanena mawu amodzimodzi, amene anasanduka nthabwala ya m'nyumba mwawo:

"Maso a ku Nauru, tembenukani."

"Ndatembenuka kale, mwana wa nkhanu inu."

Ndipo Talesia ankakhala pa mtumbira, msana uli ku dimba, akuluka nkhata za pulaka, akupenya makola a nkhumba. Nkhumba zinabadwa, zinaphedwa, makola anagwa, ena anamangidwa, iye akupenyabe komweko. Kumbuyo kwake ankamva matope akulira pansi pa mapazi a mwamuna wake, ndiponso mawu otsika, chifukwa Seluka ankalankhula ndi pulaka wake kuposa mmene ankalankhulira ndi anthu. Madzulo Talesia ankapala pulaka, kumukulunga m'masamba, kumuphika ndi mkaka wa kokonati, ndipo ana awo awiri, Lotoala ndi Puanita, anakula ndi masaya onenepa.

Masiku amenewo sitima ikachedwa palibe ankadandaula kwambiri. Shuga ankatha, fodya ankatha, amuna ankakwiyakwiya, koma chakudya chinali m'matope, chikudikira.

Lotoala ndiye anayenera kulandira dengu. Bambo ake anamutengako m'thengo kangapo ali wamng'ono, koma mnyamatayo maso ake anali pa nyanja, ndipo atangotha sukulu anakalowa ntchito ya m'sitima zikuluzikulu za katundu. Ankabwera patchuthi atanyamula wailesi ndi nsalu, n'kuima pa mtumbira atavala nsapato.

"Bambo, ulendo winawo ndidzakhalitsa. Mudzandionetsa zonse."

"Vula nsapatozo, tsika pano."

"Ulendo winawo, bambo."

Ulendo winawo anabwera ndi mkazi, ndipo ulendo wotsatira sanabwere. Anakhazikika ku Nyuzilandi, kumene ankagwira ntchito yosanja zipatso m'makatoni. Puanita anakwatiwa ku Funafuti, likulu la dziko lathu, ndipo posakhalitsa naye anatsatira mlongo wake. Foni itafika pa chilumba, Lotoala anayesa kukonza zinthu.

"Bambo, ingondiuzani pompano, ndikumva bwinobwino. Masamba anji ndi anji?"

"Zimenezi sanenera m'waya," anatero Seluka. "Amanenera m'matope." Anapereka foni kwa mkazi wake n'kutuluka.

Mchere wa m'nyanja sunabwere ndi phokoso. Sunadumphe gombe ngati mmene anthu ankaopera. Unatulukira pansi. Miyezi imene nyanja imadzaza kwambiri, madzi ankayamba kutumphuka m'dimba ngati mphika ukuyamba kuwira, tithovu tating'onoting'ono pakati pa matsinde. Seluka anaviika chala, analawa, n'kulavula. Nyanja ikaphwa madziwo ankabwerera, koma mchere unkatsala. Chaka choyamba masamba a kumunsi kwa dimba anachita chikasu m'mphepete. Chaka china anapsa ngati awauka ndi moto. Mvula ikagwa yambiri dimba linkatsitsimuka, anthu n'kunena kuti zatha, kenako nyanja inkadzazanso.

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Anakweza nkhata, anathira dothi, anakumba ngalande, anasamutsira mbewu kumtunda kwa dimba. Mcherewo unkamutsatira pang'onopang'ono, osathamanga. Anzake ambiri anasiya. Kaitu, mnzake wa paubwana amene dimba lake linachita malire ndi la Seluka, anapachika fosholo yake pa denga n'kumadya mpunga wa ku sitolo.

"Achimwene, tulukani m'matopemo," ankatero Kaitu ataima pa mtumbira. "Mukudyetsa nyanja. Nyanja sikhuta, ndakuuzani."

"Pita ukadye chakudya cha nkhuku chakocho."

"Cha nkhuku chomwecho chikundinenepetsa. Taonani mimba."

Kenako kunabwera namondwe uja amene anagwetsa denga la sukulu. Mafunde anadutsa pakati pa mudzi, anafukula manda a m'mphepete mwa nyanja, n'kukathira m'madimba mchenga ndi miyala. Namondwe atapita mvula inaleka, ndipo sitima inawonongeka injini ili kutali. Mpunga unatha m'sitolo, ufa unatha, mabisiketi anatha. Anthu amene anasiya madimba anabwerera ku madimba ndi zikwanje.

Talesia ankakumbukira tsiku limene Seluka anakumba pulaka wake wamkulu, amene ankamusungira ukwati wa mdzukulu. Masamba ake anali akadali obiriwira pang'ono. Seluka anakumba mozungulira, anagwira m'khosi n'kukoka, ndipo khosilo linangothothoka m'manja mwake. Pansi panali phala lotuwa, lonunkha ngati nsomba yofa kale. Anakumba wina, chimodzimodzi. Wina, chimodzimodzi. Sanatukwane, sanalire. Anasamba m'manja m'madzi amchere omwewo, anakwera pa mtumbira, anakhala pafupi ndi mkazi wake, ndipo awiriwo anapenya makola a nkhumba.

"Tidya chiyani?" anafunsa Talesia patapita nthawi.

"Kokonati."

Anadya kokonati ndi nsomba, m'mawa, masana, madzulo, mpaka pakamwa panachita zilonda. Ana a m'mudzi ankalira osatulutsa mawu. Palibe amene anafa ndi njala, koma sitima itafika anthu sanaimbe pa gombe monga kale. Anangoima pamzere.

M'ngodya ya kumtunda kwa dimba la Seluka munatsala tiana ta Khosi Lofiira tisanu, tofooka, totalika ngati mkono. Pa chilumba chonse panalibenso kwina kumene mbewu imeneyo inali.

Sitima yomweyo inabwera ndi mlangizi wa zaulimi, mtsikana wa pa chilumba choyandikana nafe, ndi matumba a simenti. Anafotokoza m'nyumba ya misonkhano kuti pulaka angathe kudzalidwa m'mabokosi a simenti omangidwa pamwamba pa nthaka, otsekedwa pansi kuti mchere usalowe, odzazidwa ndi dothi ndi manyowa, othiriridwa ndi madzi a mvula. Anati kwawo ayesa ndipo akudya. Seluka anamvetsera ali pa mzati wake. Bokosi loyamba litamangidwa kuseri kwa tchalitchi anapita kukaliona, analizungulira, n'kubwerera kunyumba.

"Ndi manda," anauza Talesia. "Kutalika kwake, kufupika kwake, manda enieni. Kwangotsala mtanda."

"Nanga kudimba kuja si manda?"

"Agogo anga anakumba dimba lija ndi zigoba za nkhono."

"Agogo anu anakumba kuti ana awo adye. Sanakumbe kuti inu muzikalondera matope onunkha. Nyanja ikadzazanso, tisanu tija tipita. Ndiye mudzawauza chiyani agogo anuwo mukadzakumana?"

Mwezi usanathe Seluka anakalembetsa, ndipo achinyamata a mpingo anamumangira bokosi pambali pa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi. Dothi anatuta yekha ndi wilibala. Tiana tisanu tija anatizula ndi manja, osagwiritsa fosholo, anatikulunga m'malaya ake, n'kuyenda nato pakati pa mudzi chifuwa chili pamtunda. Anthu anamupatsa moni, iye sanamve.

Vuto linaonekera tsiku lodyetsa. Dimba linali m'thengo, mobisika, koma bokosi linali m'mphepete mwa msewu, pamene amayi opita ku sitolo, ana a sukulu ndi abusa pa njinga ankadutsa. Seluka anaima ndi dengu lake lovundikira, anapenya kumanja, anapenya kumanzere, n'kubwerera nalo m'nyumba. M'mawa mwake anadula masamba a kokonati, analuka zitseko, ndipo anazinga bokosi lonse ndi mpanda wotalika kuposa munthu.

Kaitu anabwera kudzaona, anagwira mimba n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, pulaka wanu wayamba kusamba? Mwamumangira bafa?"

"Choka."

"Sopo ndikubweretsereni? Mlamu, mwamuna wanuyu mutu wayamba kuwola ngati dimba lake."

"Unawola kalekale," anatero Talesia. "Ndinaupeza wowola."

Koma dengu ankanyamulabe, kulifikitsa pa khomo la mpanda, n'kukhala panja atafulatira. Tsopano m'malo mwa makola a nkhumba ankapenya msewu.

Pulaka wa m'bokosi anali ngati khanda. M'dimba madzi ankabwera okha kuchokera pansi, koma muno chilichonse chinali cha m'manja. Ankamwa m'thanki yomwe anthu ankamwamo. Mvula ikachedwa, Talesia ankagogoda thanki ndi chala kuti amve pamene madzi alekeza, n'kuyamba kugawa: a tiyi, a mphika, a pulaka. Kusamba ankasamba m'nyanja, khungu n'kumatuwa ndi mchere. Madzi otsukira mbale, ngati mulibe sopo, ankapita ku bokosi. Pa tisanu tija tiwiri tinafa chaka choyamba. Titatu tinagwira, tinaphuka ana, ndipo anawo Seluka anawadzala m'bokosi lachiwiri.

Woyamba kukumbidwa anali wamkulu ngati mutu wa munthu basi. Seluka anamutembenuza m'manja, anamununkhiza, n'kumupereka kwa mkazi wake.

"Agogo akanaseka," anatero.

"Agogo sadya nawo. Bweretsani."

Nthawi imeneyo sitima inali itachedwanso. Talesia anaphika, anagawira nyumba ya Kaitu ndi ya abusa, ndipo Kaitu anadya ali chete, chinthu chimene palibe anachionapo. Atamaliza anafunsa ngati simenti inatsalako.

Zaka zinapita motero. Mabokosi anachuluka m'mudzi, ena obiriwira, ena anasanduka mosungira nkhuni. Madimba a makolo anadzaza udzu wa m'madzi amchere, ndipo nkhanu zinakumbamo mauna. Seluka sanapitenso kumeneko. Ankangolowa m'thengo ndi dengu lake, kutuluka, kulowa mu mpanda. Tsitsi linayera, msana unapindika. Ana ankaimba foni Lamulungu, kunena kuti kwazizira, kuti zidzukulu zikulankhula Chingerezi chokhachokha, kuti bwerani kuno mudzapumule. Iye ankati inde, inde, n'kupereka foni.

Matenda a shuga anamulowera Seluka pa chala cha phazi. Anadzibaya ndi chigoba cha nkhono m'thengo, chilonda sichinapole, chinada, chinakwera. Anamutengera ku chipatala cha ku Funafuti pa sitima, ndipo Talesia anatsala chifukwa cha mabokosi. Miyezi imene mwamuna wake kunalibe, iye ankathirira m'mawa uliwonse, kuzula udzu, kuchotsa masamba ouma. Kudyetsa sanadyetse. Anaona masamba atsopano akutuluka ang'onoang'ono, otumbuluka, makosi ofiira aja akuyamba kutuwa, ndipo ankangothira madzi.

Seluka anabwera ndi mwendo umodzi ndi ndodo ziwiri. Achinyamata anamunyamula kuchokera m'bwato n'kumukhazika pa mphasa pakhonde. Anali atachepa ngati mwana. Anthu atabalalika anapempha kuti amufikitse ku mpanda, ndipo Talesia anamuchirikiza mpaka pa khomo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ali ndi njala," anatero.

"Madzi sanasowe ndi tsiku limodzi lomwe."

"Sindikunena madzi. Bwanji simunamudyetse?"

"Ndimudyetse chiyani?"

Seluka anamuyang'ana ngati akumva chilankhulo cha dziko lina. "Ine kunalibe, mayi a Lotoala. Panalibe woti muzimuchitira manyazi. Mukanangotenga dengu."

"Ndikuti ndimudyetse chiyani? Ine ndikudziwa zimene mumaika m'dengumo?"

"Musandiseke, ndadwala."

"Sindikuseka."

Seluka anakhala pansi pa khomo pomwepo, ndodo zinagwa.

"Simunasuzumirepo?"

"Ayi."

"Zaka zonsezi?"

"Munati nditembenuke."

"Ndinati mutembenuke, inde! Aliyense amatero! Bambo anga ankatero kwa mayi anga, ndipo mayi anga ankadziwa tsamba lililonse. Bambo atayamba kuiwala ndi ukalamba, ankawakumbutsa ndani? Ankangoti akusesa pabwalo, n'kusiya tsamba loiwalikalo pa khomo. Mkazi wa Kaitu amadziwa za Kaitu. Azakhali anu aja, amene anakukalipirani aja, ankadziwa za amuna awo ndi za alamu awo omwe. Mkazi amasuzumira! Sauzidwa, koma amasuzumira!"

"Palibe anandiuza zimenezo."

"Zimenezo sauza munthu!"

"Ndiye ndikanadziwa bwanji? Ine ndinakulira ku Nauru."

Pamsewu panadutsa njinga yamoto. Talesia anafufuza mumtima mwake kuti apeze mkwiyo kapena chisoni cha zaka zonse zimene anapenya makola a nkhumba, koma sanapeze kanthu. Munali mbee, ngati thanki ya m'chilala. Anatola ndodo zija n'kuziimika pa mpanda.

"Ndiye ndiuzeni tsopano," anatero.

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Ndinalumbira kwa bambo anga m'matope. Pakamwa panga padzauza mwana wanga yekha."

"Mwana wanu akusanja maapozi."

"Ndikudziwa kumene ali."

Anayesanso kuimbira Lotoala. Mwanayo analira pa foni, anati tchuthi samupatsa, anati mwina pa Khirisimasi. Khirisimasi inafika, inapita. M'thengo Seluka sakanathanso kulowa, chifukwa ndodo zinkatitimira mu mchenga. Pulaka anapitiriza kutumbuluka. Mlangizi uja atabwera anapereka manyowa ake, Talesia anathira, ndipo anathandiza pang'ono, koma Khosi Lofiira anali atazolowera za kwawo. Ana amene ankaphuka m'mbali ankafota asanafike pa chikhatho. Seluka ankakhala pakhonde tsiku lonse akupenya mpanda, chakudya akudya ngati akumwa mankhwala.

Tsiku lina m'mawa, Talesia akusesa, Seluka anamuitana.

"Chitsa cha mwendochi chikuyabwa. Kanditengereni masamba a mtengo wa puka, ouma, amene agwa okha. Osati othyola. Ambiri."

"Masamba a puka amachiza kuyabwa?"

"Mwasanduka dokotala? Pitani."

Anapita, anabwera nawo. Seluka sanawakhudzitse n'komwe pa mwendo. Anawaika pambali.

"Nkhuku zathuzi zikusowa posamba fumbi. Kumpoto, pansi pa mitengo imene mbalame za m'nyanja zimagona, pali dothi lakuda. Mupalepo la pamwamba lokha, lakuya ngati chala."

Talesia anatsegula pakamwa kuti anene kuti nkhuku zawo zinatha ndi chitopa chaka chatha. Anatseka. Anatenga ndowa n'kupita.

Tsiku linalo kunali zitini zadzimbiri za kudzala, chifukwa ana a eni angadzicheke nazo. Kenako miyala yopepuka ija imene nyanja imalavula, yoyandama, chifukwa ankafuna kukhula chidendene chake chotsalacho. Kenako masamba a chitsamba cha maluwa achikasu cha m'mphepete mwa gombe, owayanika pa mthunzi, ndipo pa amenewa sanavutike n'kupeka chifukwa. Anangoti, "Ndawafuna." Talesia ankabweretsa, kuunjika pakhonde, osafunsa. Kaitu anadutsa, anaona milu ija, anayang'ana mnzake, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anapenya kumbali n'kupitirira osaponya nthabwala.

Zonse zitakwana, Seluka anati amulowetsere mu mpanda, mulu uliwonse pawokha, pamodzi ndi dengu, chiguduli ndi mwala wosinjira. Talesia anatuta. Kenako anamuchirikiza mwini wake, kumukhazika pa chigubu pafupi ndi bokosi, n'kutuluka. Anakhala pa malo ake a masiku onse, msana ku mpanda, maso ku msewu.

"Maso a ku Nauru," anaitana Seluka ali mkati.

"Ndatembenuka kale."

"Ndikudziwa. Ndimati ndikuchenjezeni. Mpanda uwu makoswe aboola. Mbali ya ku thanki, pafupi ndi mzati wachiwiri, pali chiboo chachikulu ngati chikhatho. Munthu atagwada pamenepo angaone zonse. Ndalephera kutseka ndi mwendo wangawu. Ndiye musayandikireko."

Mawondo a Talesia anali okalamba, ndipo khosi lake linali litazolowera mbali imodzi. Anadzuka, anazungulira ku thanki. Chiboocho chinalipo, chodulidwa bwinobwino ndi mpeni, m'mphepete mwake mukadali mwauwisi. Anayala chitenje pansi, anagwada, n'kuika diso.

Seluka anali atakhala chopenya komweko, chiguduli chili pansi, dengu lili pululu. Sanayang'ane pa chiboo. Anatapa masamba a puka ndi manja awiri, anawakweza m'mwamba ngati akuwaonetsa dzuwa, anawafikisa mpaka anasanduka fumbi, n'kuwathira m'dengu. Anatapanso. Ankachita pang'onopang'ono, monga mmene sanachitirepo, ndipo ankalankhula ndi pulaka wake mokweza kuposa kale.

"Iwe Khosi Lofiira, usanamizire kugontha. Awa ndi a puka, manja awiri odzaza, kawiri. Dothi la mbalame, dzanja limodzi, osapitirira, lingakuotche. Wamva? Ndibwereze?"

Anasinja mwala wopepuka uja, anapala dzimbiri la chitini ndi mpeni, anawaza madzi pang'ono, anasakaniza, anafinya m'dzanja n'kutambasula kuti chioneke mmene chiyenera kugwiranira. Kenako anawerama movutika, anafukula m'mphepete mwa nkhata, kutali ndi khosi, n'kukanikiza ndi chala chachikulu. Zina zinatayikira pansi.

Talesia anapenya mpaka diso linatuluka madzi chifukwa cha kamphepo kodutsa pa chiboo. Anasintha, n'kuika linalo. Pamsewu anamva mapazi a amayi awiri akuchokera ku sitolo. Anaima pang'ono, anaona nkhalamba itagwada pa mpanda wa mwamuna wake, ndipo anapitirira akukamba za mtengo wa sopo.

"Ndamaliza mmodzi," anatero Seluka mkatimo, akupuma mwabefu. "Atsala ambiri, ndipo ine ndatopa. Mawa sindidzuka msanga. Dengu ndilisiya pompano."

Talesia anadzuka, anakutumula chitenje, anazungulira n'kukakhala pa malo ake, maso ku msewu.

"Mayi a Lotoala! Bwerani mudzanditenge. Simunapenye, eti?"

"Ndipenye chiyani? Ndimaona njinga zikudutsa."

Analowa, anamupatsa ndodo, n'kuika phewa lake pansi pa mkono wake. Potuluka Seluka anaima, anayang'ana mawondo a mkazi wake, amene anali ndi mchenga, ndipo anawerama pang'ono n'kuusasa ndi dzanja.